Chala chachisanu ndi chimodzi cha Sophie: kawerengedwe ka The Chrysalids

Buku la John Wyndham lotchedwa The Chrysalids linatuluka mu 1955. Ophunzira ambiri akalimaliza amathamangira kulemba kuti ndi nkhani ya akuluakulu oipa ozunza ana abwino, ndipo yankho lotere limakhala losaya. Chimene chimalamulira mudzi wa Waknuk, ku Labrador, si ukali wa mlaliki Joseph Strorm yekha ayi. Ndi kapepala: chikalata cha woyendera wa boma chotsimikiza kuti chobadwa n'chabwinobwino.

Yambani mwalemba malamulo a mudziwo musanaweruze aliyense. Mbewu zikamera mopotoka, munda amauotcha. Chiweto chachilendo amachipha. Munthu wobadwa mosiyana ndi ena amamutseka kuti asabereke n'kumutaya kuthengo la Fringes. Khanda likabadwa, a m'nyumba salitchula n'komwe mpaka woyendera ataliona, ndipo mkazi akabereka katatu mwana wokanidwa, mwamuna ali ndi ufulu womuthamangitsa.

Lamulo lomalizali ndiye limatsegula gawo lowawa kwambiri m'bukuli. Harriet, mchemwali wake wa Emily (mkazi wa Joseph, mayi a David, mnyamata wosimba nkhaniyi), amabwera ndi khanda lake kudzapempha kuti asinthane ana kwa masiku ochepa, woyendera aone Petra, khanda la Emily, amene ali kale ndi chikalata. Kwa Harriet aka kanali kachitatu. Emily amakana, Joseph amamudzudzula ngati wochimwa, ndipo kutacha mtembo wa Harriet umapezeka mumtsinje. Za khandalo palibe amazitchulanso. Wolemba satiuza chimene chinalakwika pathupi lake, amangoti kanali kanthu kakang'ono, ndipo kubisa kumeneku n'kwadala: owerenga asakhale ndi mpata woyeza ngati chilemacho chinali chokwanira kuphera munthu. Amene amalemba kuti Emily ndi wouma mtima basi amaphonya mfundo, chifukwa nayenso ana ake awiri adakanidwapo, ndiye ankadziwa kuti chikwanje chomwecho chili pakhosi pake.

Pokonzekera mayeso, gawani pepala mizati itatu: chinsinsi, amene akuchidziwa, ndi mtengo wake chikaululika. Cha Sophie Wender, mnzake wa David, n'chosavuta kulondola. Ali ndi zala 6 kuphazi lililonse, mnyamata wina, Alan Ervin, amaona chidindo cha phazi lonyowa pamwala, David amakwapulidwa ndi bambo ake, banja la Wender limagwidwa likuthawa. Chachiwiri ndi cha David ndi ana anzake olankhulana m'maganizo, chimene Axel, wachibale wa David amene adayendapo panyanja, amachisunga mpaka kufika popha Alan ndi muvi. Lembani zimenezo mosabisa: woteteza anawo nayenso m'manja mwake muli magazi.

Chachitatu ndicho ophunzira amachiiwala, koma ndi msana wa buku. Pakati pa anthu a ku Fringes ogwidwa pankhondo, David amaona mwamuna wa manja ndi miyendo yaitali ngati kangaude, nkhope yake ngati ya Joseph. Ameneyu ndi Gordon, mkulu wake wa Joseph, amene akanakhala mwini wa Waknuk akanapanda kutayidwa. Mlaliki wamkulu wa kuyera kwa mtundu ali ndi chomwe amadana nachocho m'magazi mwake. Mukazindikira zimenezi, ukali wake muuwerenga ngati mantha a munthu wodziwa zimene zili kuchipinda kwawo.

Umboni woti malamulowo si oyera monga amanenera uli pa akavalo akuluakulu a mlimi wina, Angus Morton. Msinkhu wawo ndi woposa wa kavalo aliyense, koma boma limawavomereza chifukwa amagwira ntchito yambiri. Chala chimodzi cha mwana chilibe phindu, ndiye chimakhala tchimo.

Samalani ndi mathero. Mayi wochokera ku Sealand, dziko lakutali la anthu olankhulana m'maganizo, amapulumutsa David, msuweni wake Rosalind ndi Petra, inde, koma ulusi womata wotsika m'chombo chake umapha onse amene anali pamalopo, a Waknuk ndi a ku Fringes omwe, ndipo iye amafotokoza imfazo mosatekeseka, ngati kuchoka kwa mtundu wotha ntchito. Ikani mawu ake pambali pa ulaliki wa Joseph muone kufanana kwake. Kenako yang'anani Michael, mmodzi wa ana olankhulana m'maganizo aja, amene amakana kukwera chombocho n'kubwerera ku Waknuk chifukwa mnzawo Rachel watsala yekha.