Tepi ya telala sinama

Loweruka ndinapita ku Limbe kukasoketsa diresi ya ukwati wa mlamu wanga, kwa mayi aja a ku Congo omwe amandisokera kuyambira ndili mtsikana, ife timangowatchula kuti Mama. Atandizunguliza tepi m'chiuno anayang'ana m'kope mwawo momwe muli miyezo yanga yakale, kundiyang'ananso ine, basi kuyamba kuseka. Mainchesi 5 owonjezera. Mwana ali ndi miyezi 11 tsopano, ndiye zoti ndangochira kumene sizikumvekanso.

Ndinati Mama musandiseke, iwo akuti aaa mwana wanga, kwathu ku Lubumbashi iweyo akanakudandaula kuti bambo a mwana sakukusamala. Akuti mzimayi akabereka amayi ake kapena apongozi amabwera, iye osagwira ntchito, kumangodya fufu ndi pondu, chigwada chathu chomwechi koma chothira mafuta a mawese ochuluka, nsomba zouma zamchere pambali, kenako kugona. Akamadzatuluka kuti anthu amuone azioneka kuti thupi labwera, akatuluka wowonda manyazi amagwira banja lonse. Iwowo ana 4, ndipo akuti mwana aliyense anawasiyirako yake mphatso, sinachoke mpaka lero, pano akumwa mankhwala a BP.

Ndinangoti kodi nanga ifeyo tikusiyana pati? Ine m'chikuta apongozi ankandidzutsa ndi phala la nsinjiro, 10 koloko tiyi wa mkaka ndi buledi, thobwa osatha mu ndowa, nsima mitanda itatu, ukakana akuti ukufuna mwana ayamwe chani. Ndipo umadyadi chifukwa njala ya woyamwitsa si yamasewera, ine ndinkadzuka 2 koloko usiku kukasaka mkute.

Anamwino anandiuza kusikelo ndili woyembekezera kuti wa thupi labwinobwino amayenera kuwonjezera makilo 11 mpaka 16 mimba yonse, ine ndinawonjezera 19. Pobereka pamachoka mwina 5 kapena 6 basi, mwana, madzi ndi nsengwa. Chiberekero chimabwerera m'malo pakatha masabata 6, makilo otsalawo ambiri ndi mafuta omwe thupi linasunga kuti likapangire mkaka. Kuyamwitsa kumadya ndithu, makalori ngati 500 patsiku, koma thobwa makapu awiri ndi mandasi mwabweza kale. Chitenje chomwe anandimanga pamimba mpaka kubanika chija sichisungunula mafuta, chimangogwira minofu.

Chimene chimandinyansa nchoti mwana ndikapita naye kusikelo amamupachika mwezi ndi mwezi, kulemba m'buku, koma mayi ake palibe amene amati takwerani nanunso tione. Panja nakonso anthu amangoti mayi a mwana mwakhala bwinotu, ukwati wakuyanjani. Chonsecho makilo akatsala nkubweranso mimba ina amangounjikana, shuga ndi BP zimadzera momwemo.

Mama anati ndiyambe kutsika minibasi pa Ginnery Corner nkuyenda wapansi kupita kuntchito, ndichepetse shuga mu tiyi, koma ndisadzimane chakudya ndikuyamwitsa. Lolemba ndinayesa, ndinafika thukuta kamukamu, Lachiwiri ndinakwera kabaza. Diresi ija akuti asiya nsalu yambiri mkati mwa msoko, kuti kaya tidzachepetsa kaya tidzakulitsa pasadzavute, ndikatenga Lachisanu.