Tsiku lomwe ine ndi wang'oma wathu tinagwirizana koyamba

Ine ndimaimba bezi, ndipo matenda anga ndi oti zala zanga sizidziwa kupuma. Zingwe ndi zinayi zokha, E A D G, koma mutandimva mungaganize kuti ndili nazo 12. Ndiye titapeza wang'oma watsopano mu bandi mwathu zinthu zinavuta pa pulakatisi yoyamba yomwe, iye akulowera uku ine uko, woimba wathu pakati akungocheukacheuka ngati mwana woti makolo ake akukangana.

Mkulu wa bandi anandiitanira pambali. Akuti aise, bezi ndi kiki, ng'oma yaikulu yoimba ndi phazi ija, ndi banja, phazi la mnzakoyo likaponda pedulo chala chako chigwe pompo, usiye zothamangazo. Nkuyamba kunditchulira wang'oma Sly Dunbar ndi wabezi Robbie Shakespeare a ku Jamaica aja, kenako Aston ndi Carlton Barrett omwe ankaimbira Bob Marley. Ine nkuti akulu, ma Barrett wotu anali pachibale, mimba imodzi, ine munthuyu ndamudziwa Lachiwiri lapitali. Sanaseke.

Tinayamba kumakumana awiriwiri, popanda gitala popanda woimba, metronome, kachipangizo kosunga liwiro la nyimbo kaja, ikungoti tik tik pa 75. Apa mpomwe ndinadziwira kuti mnzangayu amakonda one drop, ija mukamawerenga 1, 2, 3, 4 kiki imagwa pa 3 ndipo pa 1 pamangokhala dzenje. Dzenje limenelo ine ndinkagweramo ndi manotsi asanu nthawi zonse, iye nkuimitsa timitengo, kundiyang'ana, osayankhula kanthu, zomwe zimapweteka kuposa kutukwanidwa. Ndiye ndinangoti basi makutu andikanika ndigwiritse ntchito maso. Masabata atatu ndikungoyang'ana phazi la munthu. Nkhope yake sindinkaidziwa bwinobwino koma nsapato yake ya kumanja ija, yong'ambika pa chala chachikulu sokosi yofiira ikusuzumira, ndikanaizindikira ngakhale mu mdima.

Tsiku la shoo linafika. Siteji yaing'ono, ndipo wa zokuzira mawu anaika sipika yaikulu pakati penipeni pa ine ndi phazi la mnzanga lija. Nyimbo yachitatu inali yodekha, ya one drop yomweyo, mantha nkundigwira. Ndinayamba kusendera pang'onopang'ono cham'mbali ngati nkhanu, ndikuimba ndikusendera, mpaka ndinazungulira sipika ija nkukaima pafupi ndi kiki nditawerama. Nsapato ija ndinaiona. Mtima pansi.

Abale, sindinaimbepo chonchija chibadwire. Kiki ikati du ndinkaimva pachifuwa penipeni, ndikuti eya bezi ndi ng'oma zasanduka chinthu chimodzi, izi ndi zomwe ankanena mkulu uja. Nkhope ndinakwinya ngati ndalawa chowawasa, khosi likuvina lokha. Wagitala anayamba kundikodola akuloza pansi, ine nkugwedeza mutu kuti ndikudziwa mani, ndatsika nazo pansi zedi. Wa zokuzira mawu kumbuyo uko manja m'mwamba, ndinamukwezera nsidze kuthokoza.

Nyimbo itatha wang'oma uja anadzuka pampando nkundikumbatira, munthu woti sanandimwetulirepo. Akuti mani lero ndiye lero, wandipatsa mpata wopuma, sunandiponde ngakhale kamodzi, bezi yako inali yoyera bwanji.

Ndikuti ndiyankhe ndinaona chingwe changa chikukwawa pansi kumbuyo kwanga, jaki yake ili pa simenti, amplifaya ili uko yokhayokha kagetsi kake kakuyaka. Chinazuka pomwe ndinkazungulira sipika paja, vesi yoyamba isanathe nkomwe. Mphindi zisanu zathunthu ndinkaimbira malaya anga.

Wagitala anatola jaki ija nkukaibaya mwakachetechete, misozi ili mbwee ndi kuseka. Ndinamupempha kuti asamuuze mnzangayo ndipo mpaka pano sanamuuze, koma pa pulakatisi iliyonse ndikangoyamba kuchulutsa manotsi wang'oma uja amaimitsa timitengo nkunena kuti aise, tangoimba ngati tsiku lija.