Ulusi wa lupu ukasowa, mmene ndimaulondolera mpaka kumatumbo

Mayi akabwera kuchipatala kuno ku Ntcheu n'kudandaula kuti ulusi wa lupu sakuukhudzanso, sindiwauza kuti inagwa ndisanaone ndi maso anga. Mwa amayi 1,000 oikidwa lupu, kachipangizo kolera koikidwa m'chiberekero, pafupifupi mmodzi imawaboola chiberekero, makamaka pa nthawi yoika, ndipo ngoziyi imachulukirako kwa oyamwitsa ndi amene angobereka kumene, poti chiberekero chimakhala chofewa.

Ndimayamba ndi mafunso. Munaikitsa liti, mayi? Mwana anali ndi miyezi ingati? Tsiku loikalo munamva ululu wobaya? Msambo womaliza unali liti? Kenako ndimayeza mkodzo kuti ndidziwe ngati ali oyembekezera. Ndikatero ndimaunika khomo la chiberekero. Ulusi timaudula kusiya masentimita atatu, ndiye nthawi zambiri umangopindikira mkati mwa khomolo, ndipo kaburashi kakang'ono kamautulutsa. Ukapanda kuoneka, sindipisapisa ndi zitsulo mwachimbulimbuli. Timapita ku sikani.

Sikani ikaonetsa chiberekero chopanda kanthu, apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amangoti inatuluka ndi msambo. Ine ndimapempha X-ray ya mimba yonse, kuyambira pansi pa nthiti mpaka m'chiuno, bola mayiyo asakhale oyembekezera. Lupu yokulungidwa ndi kopa yotchedwa Copper T 380A imaoneka bwino lomwe pa X-ray, kachilembo ka T koyera. Ikasowa pamenepo, ndiye kuti inagwadi. Podikira zonsezi ndimawapatsa makondomu, chifukwa lupu yomwe ili kunja kwa chiberekero siteteza mayi kuti asatenge mimba.

Ikaoneka m'mimba, iyenera kuchotsedwa ngakhale mayi sakumva kupweteka. Kopa amatupitsa minofu yomwe wakhudza. Mafuta okuta matumbo amaikulunga, matumbo n'kumatirira pamenepo, ndipo pakapita miyezi kapena zaka mkono wa lupu umadya khoma la thumbo n'kulowa mkati. Kawirikawiri limakhala thumbo lalikulu la kumanzere, pafupi ndi kotulukira chimbudzi, koma matumbo aang'ono ndi apendikisi nazo zimakhudzidwa. Mayi amamva kupweteka m'munsi mwa mchombo, thupi limatentha, amatsegula m'mimba mwa apo ndi apo, mwina chimbudzi n'kukhala ndi magazi. Ena amaona ulusi ukutulukira kumbuyo. Chonde musaukoke, mungang'ambe thumbo. Zoti lupu imayenda mpaka kumtima kapena kumutu, zimenezo n'zabodza.

Mimba ikatupa n'kuuma ngati thabwa, mayi akusanza, osachita chimbudzi ngakhale kutulutsa mpweya, ndiye kuti thumbo latsekeka kapena labooka. Sindiwalola kudya kapena kumwa kanthu. Ndimaika dilipi, paipi ya m'mphuno yotsitsa zam'mimba, mankhwala opha tizilombo kudzera mumtsempha, n'kutenga magazi okayeza kukonzekera opaleshoni. Zikafuna dokotala wa matumbo timatumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, X-ray ija ili m'manja.

Ku fiyeta, lupu yongokodwa m'mafuta imachoka mosavuta. Ikalowa m'thumbo, bowo laling'ono madokotala amalisoka. Mbali yowonongeka kwambiri amaidula n'kulumikiza matumbowo, ndipo ngati mafinya achuluka amayamba atulutsira chimbudzi pamimba kwa kanthawi. Mayi asanatuluke m'chipatala timasankha nawo njira ina yolera, ndipo ndimalemba m'buku lawo la kuchipatala kuti lupu inachotsedwa yathunthu, mikono yonse iwiri ndi ulusi womwe.