Lachinayi ku galaja: Surf ija yaima ndi miyendo yake

Ndafika ku galaja cha m'ma 6 koloko, ndapeza mwini galimoto ya Toyota Surf imene tikuisintha miyendo yakutsogolo wakhala kale pa tayala pakhomo. Bamboyu amapikula mbatatesi ku Tsangano, ndipo mvula ikayamba mseu wakumeneko suchita nthabwala. Chaka chathachi wasintha ma CV (mfundo zopereka mphamvu ku matayala akutsogolo) kawiri, ma ball joint (mfundo zimene tayala limakhoterapo) sitiwerenganso. Galimoto yake ndi Hilux Surf KZN130 ya 1994, injini ya 1KZ, yomwe kutsogolo kwake tayala lililonse limadziyendera palokha pa torsion bar, ndodo yachitsulo yopotoka imene imagwira ntchito ya sipuling'i. Pa tala imayenda ngati bwato, koma m'makumbi a matope, itasenza matumba, zonsezo zimagwedera. Ndiye anapeza ekiselo yathunthu, yolumikiza matayala onse awiri akutsogolo, ya Hilux LN106 ndi masipuling'i ake, nati timuikire.

Zakale tinadula dzulo, chesesi n'kuisalaza ndi gulainda. Lero linali tsiku la masipuling'i.

Pa Hilux yakale, sipuling'i yakutsogolo imagwidwa molimba kumaso, shackle, kachitsulo kolendewera kolola sipuling'i kutalika ndi kufupika, imakhala kumbuyo. Land Cruiser 60 ndi 75 zili mosemphana, shackle ili kumaso. Ine ndatsata za Hilux, osati chifukwa cha mwambo chabe. Tayala likagunda mwala, ekiselo imabwerera m'mbuyo pang'ono uku ikukwera, kukhala ngati yaupatsa njira mwalawo, ndiye msana wa dalaivala umapumako. Vuto lake ndi loti propshaft, chitsulo chozungulira chobweretsa mphamvu ku ekiselo, imafunika yotha kutalika ndi kufupika kwambiri, koma imeneyo ndi nkhani ya sabata yamawa.

Hanger yakumaso, bulaketi yogwira sipuling'i ku chesesi, tinaisema dzulo madzulo. Ndinayeza pakati pa mipando ya masipuling'i pa ekiselo, mainchesi 29, ndipo hanger iyenera kutsata pomwepo. Ndaikankhiranso kutsogolo inchesi imodzi ndi theka kuti tayala lisamakhule bodi kuseri kwake pokhota. Kenako tepi modutsanitsa, kuchokera pabowo la chesesi kumanzere kukafika kumanja, kubwerezanso mbali inayo. Poyamba zinasiyana mamilimita 6. Mnyamata wanga akuti, "Abwana, zimenezo ndi zochepa, palibe angaone." Ndamuuza kuti diso silingaone koma tayala liona, ndipo likatha mbali imodzi bamboyu sadzafunsa mnyamata, adzafunsa ine. Tagogoda ndi hamala mpaka zafanana.

Pa shackle m'pamene tsiku lathera. Mnyamata uja amafuna tiboole chesesi nthawi yomweyo, tilowetse paipi ya mabushi, tiwotcherere zithe. Ndakana. Tangowotcherera modonthezera timabulaketi tongoyembekezera pansi pa chesesi, timadontho tinayi mbali iliyonse, tamanga mosalimbitsa ma U-bolt ogwira sipuling'i ku ekiselo, n'kutsitsa jeke pang'onopang'ono. Galimoto itakhala pansi, shackle yagona mpaka kutsala pang'ono kukhudza chesesi. Masipuling'i aja ngotopa, ndipo 1KZ ndi yolemera, ndiye awongoka kuposa momwe ndimaganizira. Sipuling'i ikamawongoka imatalika, shackle n'kumathawira kumbuyo, ndipo ikagona kale galimoto ili chiimire, pa bampu yoyamba chitsulo chimenya chitsulo. Mnyamata uja anangoti kukamwa yasa. Tikanaboola, bwenzi pano tikutseka mabowo pa chesesi ya munthu.

Tadula timadontho tija, tasunthira kumbuyo, tatsitsanso. Ulendo wachiwiri yaima chilili, zomwenso sindifuna: tayala likalendewera m'dzenje, shackle yotere imatha kupindikira kutsogolo n'kukakamira komweko. Kachitatu yapendekera kumbuyo madigiri pafupifupi 30. Ndawauza anyamata atatu akwere pa bampala adumphedumphe, ine nditagona pansi kuyang'ana. Yayenda bwinobwino uku ndi uku. Pamenepo ndiye ndalemba ndi choko poboola.

Magetsi anathima cha m'ma 11, kajenereta kathu sikakoka makina owotcherera bwino, ndiye tinapita kukadya chiwaya.

Pobwerako ndinayeza caster, kupendekera kumbuyo kwa mzere umene tayala limakhoterapo. Ndinayika foni yoyezera madigiri pamwamba pa chivindikiro cha knuckle, chitsulo chimene tayala limakhota nacho, pamalo osalala, galimoto ili pa simenti yoyezedwa. Digiri imodzi yokha. Sindinadabwe, chifukwa hanger yathu yatsika pang'ono, ndipo kumaso kwa sipuling'i kukatsika, mutu wa knuckle umawerama kutsogolo. Bambo uja anali pambali, akuti, "Achimwene, digiri imodzi kapena zisanu, ikusiyana pati? Bola iyende." Ndinawakumbutsa foloko ya njinga yakapalasa, momwe imapendekera kumbuyo. Iwongoleni ikhale chilili muone ngati mungasiye chiwongolero. Galimoto yopanda caster imayendayenda mumseu ngati yaledzera, mukakhota chiwongolero sichibwerera chokha, ndipo tsiku lina pa liwiro kutsogolo konse kumayamba kunjenjemera mpaka mutaima. Anaseka, koma anamva.

Ndikufuna madigiri 5. Ndalamula kaphale kopendekera ka madigiri 4 kolowa pakati pa sipuling'i ndi mpando wake, kachitsulo, komangidwa pamodzi ndi centre bolt, bawuti yapakati pa sipuling'i. Ta aluminiyamu timene timagulitsidwa totchipa tija sindiika, timaphwanyika, ma U-bolt n'kumasuka. Kupitirira 5 sindifunanso, poti caster ikamachuluka mphuno ya difu, bokosi la magiya la pa ekiselo, imaloza pansi, ndipo ma joint a propshaft amavutika.

Magetsi atabwera 3 koloko taboola, talowetsa mapaipi, ndawotcherera ndekha, pang'ono uku pang'ono uko kuti chesesi isapindike ndi moto. Pa hanger ndawonjezera timbale tolimbitsa, chifukwa mabuleki akagwira, mphamvu yonse imathera pamenepo. Pakati pa difu ndi sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, pali danga lokwanira chibakera changa, komabe ndiika bump stop, labala yoletsa ekiselo kukwera mopitirira, ndisanaitulutse panja. Mabawuti a mabushi ndalimbitsa galimoto ili pansi, osati pa jeke.

Chimene chandiwawa chabwera kumapeto, ndipo ndi kulakwa kwanga, ndimayenera kuona tsiku loyamba. Ndamasula difu ya ekiselo yatsopanoyi kuti ndisinthe silo yotsekera oyilo, ndawerenga mano: 41 pa giya yayikulu, 9 pa yaying'ono, ndiye 41 kugawa ndi 9 ndi 4.556. Ya kumbuyo kwa Surf ndi 43 ndi 10, ndiye 4.30. Mukalowetsa four wheel zili chomwecho, kutsogolo ndi kumbuyo kumakokana mpaka china chithyoke. Difu yakale ya kutsogolo singathandize, ndi ya mainchesi 7.5 pomwe iyi ndi ya 8. Mwayi wake, difu yakumbuyo ya Hilux kapena Surf imalowa m'nyumba ya ekiselo yatsopanoyi. Ndawaimbira bambo aja, akhala chete kanthawi, kenako akuti, "Ndi zingati?" Ndati ndidziwa mawa. Mnyamata ndamutuma alawirire kwa ogulitsa zitsulo zakale, ndamulembera 43 ndi 10 padzanja, ndipo ndamuuza kuti asamve zonena za wogulitsa, awerenge yekha.