Situdiyo yanga ndi zenera, pepala la manila ndi katoni ya sopo

Diresi lomwe linandichangamutsa linali lamaruni. Ndinalipeza m'belo la kaunjika Loweruka lina m'mawa, losaonongeka pena paliponse, zipi yake yoyenda bwinobwino. Ndinalichapa, kulisita, ndipo usiku ana atagona ndinaliyala pabedi n'kulijambula. Sipanathe ola ndiliikireni pa sitetasi ya WhatsApp, mayi wina wa ku Lilongwe anali atatumiza kale ndalama pa Airtel Money. Mawa lake ndinalikweza basi.

Patapita masiku awiri foni inalira. "Asisi, ine ndinaoda diresi lofiira, lija la pachithunzi. Ndimafuna ndikavale ku chinkhoswe, tonse tagwirizana zofiira. Nanga ichi mwanditumizirachi n'chiyani?"

Ndinatsegula chithunzi chija n'kuchiyang'anitsitsa. Mayiyo sankanama. Pachithunzipo diresi linali psuu, lofiira ngati tomato wa ku Jenda. Ndinabweza ndalama zawo, ya thiransipoti yopita ndi yobwerera yomwe inatuluka m'thumba langa, ndipo mayiwo sanagulenso kanthu kwa ine mpaka lero.

Maganizo anga oyamba anali oti foni yangayi yatha ntchito. Ndinayendera mashopu angapo m'tauni kufunsa mtengo wa foni ina ndi getsi lozungulira lija amati ring light. Apa n'kuti kwacha itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mitengo yomwe ndinamva inandibweza msangamsanga. Ndinakwera sakaramento, njinga ya kabaza, kubwerera kwathu ku Chibavi, muno mu Mzuzu, ndili chete njira yonse.

Amene anandiombola ndi mwana wa achemwali anga yemwe amaphunzira ku Mzuni, yunivesite ya Mzuzu. Amakonda kutsika kuchokera kusukulu kwawo ku Luwinga Lamlungu kudzadya nsima ya kunyumba. Nditamufotokozera, anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana kudenga, kenaka n'kuyamba kuseka.

"Anti, foni yanu ilibe mlandu. Wolakwa ndi uyu," akuloza babu.

Anakwera pampando, kumasula babu lija, n'kundionetsa timalemba tam'mbali: 2700K. Akuti nambala imeneyi imanena mtundu wa kuwala. Ikakhala yotsika chonchi, kuwala kumakhala kwachikasu ngati kwa kandulo. Mababu olembedwa 5000K kapena 6500K ndi omwe amayandikira kuwala kwa masana. Maso athu amazolowera chikasucho ndipo sitichionanso, koma foni imangoganizira, nthawi zina n'kuphonya. Ndiye kuti zithunzi zonse zomwe ndinkajambula usiku zinkapakidwa utoto ine osadziwa.

Ndinafunsa ngati ndigule babu loyeralo. Anati likhoza kuthandiza, koma pali getsi lina laulere lomwe silizima ngakhale magetsi atapita tsiku lonse. Anakoka katani ya pazenera.

Anthu a ku Mzuzu timadandaula ndi mitambo. Zovala siziuma, nsapato zimachita chuku m'kabati, mu Juni ndi Julaye dzuwa limaoneka ngati mlendo wodutsa. Koma pa nkhani yojambula katundu, mitambo imeneyi ndi chuma. Dzuwa likamaomba mwachindunji, nsapato imakhala ndi mthunzi wakuda bii mbali imodzi, mbali inayo ikuthobwa m'maso. Kukachita mitambo kuwala kumabalalika, kumafika mofewa, ndipo ulusi uliwonse wa nsalu umaoneka. Zenera la kuchipinda kwanga linayang'ana kumwera, ndipo poti m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, sililowa m'chipindamo. Masiku omwe lalowa ndimapanira shiti yoyera pazenerapo ndi mapegi, basi.

Situdiyo yake ili motere. Pali katebulo komwe kale kankakhala mbale. Ndimakakankhira pakona, kuti zenera likhale kumanzere kwake, osati kumbuyo kwa katundu, chifukwa likakhala kumbuyo chinthucho chimatuluka chakuda. Ndinagula pepala loyera la manila, lomwe aphunzitsi amalembapo matchati, kushopu ya mabuku. Mbali imodzi ndimaimata kukhoma ndi selotepi, inayo imatsetsereka n'kudzagona patebulo. Chinsinsi chake n'choti pepalalo lisapindidwe pakona. Lizingopindika lokha ngati kamtsetse. Mukatero, pachithunzi sipaoneka mzere wosonyeza pomwe tebulo lathera ndi pomwe khoma layambira, ndipo nsapato imakhala ngati yaima pamalo oyera opanda malire.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri ndi katoni. Ndinatenga katoni ya sopo kugolosale ya pafupi, kudula mbali ziwiri zolumikizana kuti iziima yokha ngati buku lotsegula, n'kumatamo mapepala oyera. Tsiku loyamba mnyamata uja anaika nsapato yachikopa yabulauni patebulo, n'kundiuza kuti ndiyang'ane mbali yomwe ili kutali ndi zenera. Kunali mdima, zosoka zake zosaoneka. Anayamba kusendeza katoni ija pang'onopang'ono kuchokera kumanja. Ndikuona ndi maso angawa, mdima uja unayamba kusungunuka, mizere ya ulusi inatulukira, ngakhale kachitsulo ka pa lamba kanayamba kuphethira. Anaibweza m'mbuyo, mdima n'kubwerera. Ndinamulanda katoniyo n'kumaisendeza ndekha kangapo konse ngati mwana wapeza choseweretsa. Ena amamata foilo yokulungira chakudya. Ndinayesa, koma pa nsapato zopolishidwa imasiya timadontho towala kwambiri, ndiye ndinabwerera ku pepala.

Choimikira foni ndi chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5. Ndinachidula kukamwa, kuthiramo mchenga, n'kucheka kampata kolowetsa foni. N'chonyansa, koma sichigwedezeka. Ndimatchera taimala ya masekondi 3 kuti dzanja likhale litachoka chithunzi chisanajambulike, chifukwa m'nyumba kuwala kumachepa ndipo kunjenjemera pang'ono kokha kumaononga chithunzi.

Pali tizinthu tina tomwe ndinaphunzira mochita kupsa nato. Babu la m'chipinda lizikhala lozimitsa pojambula, apo ayi kuwala kwachikasu kumasakanikirana ndi kwa pazenera, mbali imodzi ya chikwama n'kuoneka yosiyana ndi inzake. Flashi ndinaiiwala kuti iliko. Galasi la kamera ndimalipukuta ndi kansalu kofewa nthawi iliyonse, poti foni imeneyi ndimaigwira ndikuchokera kokazinga, ndipo mafuta a m'zala amachititsa chithunzi kuoneka ngati chajambulidwa m'chifunga cha m'Chikangawa. Komanso pepala loyera limapusitsa foni. Ikaona kuyera kochuluka imadzichepetsera kuwala, pepala n'kutuluka lotuwa ngati phulusa. Mankhwala ake ndi kudina pa chinthucho pasikirini, kenaka kukokera m'mwamba pang'ono kachizindikiro kadzuwa kaja. Pang'ono pokha, mukapyoza mitundu imasuluka. Ndipo musayandikize foni kwambiri. Ndinajambulapo nsapato ya mwana ndili pafupi zedi, kutsogolo kwake kunatupa ngati bwato la ku Nkhata Bay. Ndi bwino kubwerera m'mbuyo, n'kudzadula chithunzicho pambuyo pake.

Zovala sizikwana papepala lija. Zimenezo ndimazipachika pa hang'ala kukhoma lomwe ndinalipaka laimu. Za msomali womwe ndinakhoma pamenepo tinakambirana kale ndi eni nyumba, nkhani yake inatha bwino nditawapezera jekete la mdzukulu wawo. Kusita ndiye kosathawika. Malaya okwinyika amaoneka otchipa ngakhale akhale a mtengo wapatali, ndipo magetsi akazima ndimakoleza makala a simbi osadikira. M'nsapato ndi m'zikwama ndimatsendera nyuzipepala zakale kuti ziime mwaulemu. Zitenje zomwe ndimaoda ku Taifa Market ndimazijambula kawiri: chotambasula kuti maluwa onse aoneke, ndi chapafupi, dzanja langa litagwira m'mphepete, kuti munthu aone kukula kwa maluwawo ndi kukhuthala kwa nsalu. Zinthu zoyera zimasowa papepala loyera, ndiye zimenezo ndimaziika pa thabwa lapaini lomwe ndinapempha kwa kalipentala. Zakuda zimandivutabe. Thalauza lakuda ndikhoza kulijambula kakhumi lisanaoneke ngati thalauza.

Anzanga ena a bizinesi amakonda mapulogalamu ochotsa zakumbuyo kwa chithunzi ndi owalitsa mitundu. Ine ndinasiya. Chithunzi chikasalala mopitirira, anthu amayesa mwachitenga pa intaneti, ndipo masiku ano aliyense ali ndi m'bale wake yemwe anatumiza ndalama kwa munthu wa pa Facebook katundu osafika. Kuli bwino aone dzanja langa, aone nambala ya saizi pansi pa nsapato, aone tepi yoyezera itagona m'chiuno mwa siketi. Ngati pali kachilema, kaya kabatani kosiyana ndi anzake kaya pokhulika pang'ono, ndimakajambula pakokha n'kukatumiza. Ena amabwerera pomwepo, koma amene wagula sandiimbiranso foni yokalipa.

Ndisanatumize chithunzi chilichonse ndimaima pazenera, chinthucho kudzanja lino, foni kudzanja linalo, n'kufananiza mtundu. Zikasiyana ndimajambulanso. WhatsApp nayo imafinya zithunzi, moti chithunzi chabwino chimakafika kwa kasitomala chitafooka. Kuyambira 2023 muli kabatani ka HD potumizira munthu chithunzi, ndipo wina akafuna kuonetsetsa ndimamutumizira ngati dokyumenti. Zimadya bandulo, koma n'zotchipa poyerekeza ndi thiransipoti ya ku Lilongwe kupita ndi kubwera.

Vuto lomwe latsala ndi nthawi. Getsi langa laulereli lili ndi maola ake. Ndimajambula kuyambira cha m'ma 9 koloko m'mawa, ana atapita kusukulu, mpaka cha m'ma 11, ndipo katundu amene wafika madzulo amadikira mawa, ngakhale mtima ukhale ukuthamanga kuti anzanga andipitirira. Babu la 6500K ndinagula ndithu limodzi loti lizindithandiza mvula ikachita mdima weniweni, koma zithunzi zake sizifika pa za pazenera. Pepala la manila nalo silikhalitsa. Lino ndi lachinayi. Loyamba linadetsedwa ndi zidendene za nsapato, ndipo lachitatu mwana wanga wamng'ono analipeza lili poyera n'kujambulapo galimoto ndi kirayoni.

Diresi lamaruni lija linakhala m'sutikesi miyezi iwiri, ndikuchita nalo manyazi. Tsiku lina kutachita mitambo ndinalitulutsa, kulisitanso, n'kulipachika pa msomali uja. Pasikirini linatuluka lamaruni, monga lilili. Analigula mphunzitsi wina wa ku Katoto, yemwe anabwera yekha kudzalitenga. Analitambasula pakhomo, n'kuyang'ana pafoni yake, n'kuliyang'ananso.

"Ndi lomweli ndithu," anatero, uku akufunsa ngati ndili ndi nsapato zakuda saizi 6.