Ng'ombe yomwe ndinawinda pakati pa Chizumulu ndi Likoma

Ine ndine wa ku Dedza, kumapiri, ndipo madzi ochuluka omwe ndinkawadziwa ndi a mu Linthipe mvula ikagwa. Komabe chaka chomwe ndinaganiza zokapemphera ku Likoma pa chikondwerero cha Petro Woyera, pa 29 June, ndinauza mpingo wonse kwathu kuti nyanja si nkhani. Mayi a kunyumba anangoti, "Tiona," uku akusita suti yanga ya paukwati.

Ilala ikanyamuka ku Nkhata Bay imayamba yaima pa Chizumulu isanafike ku Likoma. Izi aliyense m'sitimamo ankazidziwa kupatula ine. Ndinadzidzimuka kutulo usiku, ndinamva nangula akutsika, anthu akukankhana ndi matumba a ufa, nane ndinatola chikwama n'kutsikira m'kaboti. Kutacha ndinafunsa mnyamata wina woyanika usipa kuti tchalitchi chachikulu chili mbali iti. Analoza kum'mawa, kutsidya kwa madzi.

"Uko, bambo. Kuno ndi ku Chizumulu."

Sitima inali itapita kalekale. Chotsala chinali chombo chamatabwa choyendera mphepo, mlongoti umodzi pakati, thanga lake lodzaza ndi zigamba za matumba a feteleza, malemba akuwerengeka bwinobwino. Ndinafunsa mwini chombo kuti injini ili pati. Analoza kumwamba.

Tinakwera ine, amayi angapo ndi madengu a usipa, mbuzi yomangidwa miyendo, ndi mdala wina wa jekete lakuda amene anakhala pafupi nane atagwira kakope ndi cholembera. Ndinamuyesa mphunzitsi wopuma.

Anthu akunyanja amadziwa kuti June ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera yomwe imautsa mafunde mpaka asodzi kukokera mabwato kumtunda. Titangochoka kuseri kwa chilumba, thanga linafufuma, chombo chinapendama, matabwa n'kuyamba kulira. Funde loyamba linandinyowetsa suti. Lachiwiri linandilanda chipewa. Mnyamata wa m'chombomo anandipatsa chigubu chodula pakati kuti ndizikapa madzi, koma ntchito yomwe ndinachigwiritsa sindingaifotokoze pagulu.

Apa ndi pomwe ndinayamba kupemphera mokweza.

"Ambuye, mukandiwolotsa, tambala wanga wofiira uja ndi wanu!"

Chombo chinakwera, n'kugwera m'chigwa cha madzi moti Likoma yense anasowa.

"Ambuye, tambala wachepa, mbuzi!"

Amayi aja anali phee, akusenda chinangwa chophika n'kumagawana. Mwana wina kumbuyo kwa mayi ake anali m'tulo. Ngakhale mbuzi inkabzikula mosatekeseka. Mwini chombo atafuula kuti tiwerame thanga litembenuke, onse anawerama, ine mtengo wa thanga unandipeza pankhongo. Ndili chafufumimba pa usipa, ndinatulutsa mawu omwe mpaka lero amandilanda tulo:

"Ng'ombe, Ambuye! Ng'ombe yathunthu!"

Mdala uja anandiweramira mwaulemu. "Pepani achimwene, mphepoyi ikusokosa. Mwati ng'ombe yaikazi kapena nkhunzi?"

Ndinati iliyonse. Anafunsa dzina langa ndi mpingo womwe ndachokera, ine n'kutchula zonse, poganiza kuti akulemba zoti akauze abale mtembo ukapezeka.

Tinafika. Madzi a ku Likoma ndi oyera moti mchenga wapansi umaoneka ngati uli pafupi, ndiye pothamangira mtunda ndinalumpha chombo chisanakocheze. Ndinamira mpaka m'khosi. Amayi amodzi anaseka mpaka kugwetsa chinangwa: "Petro uja wabweranso!"

Tchalitchicho, kunena zoona, chinandiiwalitsa kuti ndikudontha. Amishoni a UMCA, bungwe la mpingo wa Anglican, anayamba kuchimanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Munthu umayenda pakati pa milambe, mwadzidzidzi n'kuona chimango chachikulu chooneka ngati mtanda, mawindo agalasi lamitundumitundu, n'kudabwa kuti zonsezi zinatheka bwanji pachilumba chaching'ono chozingidwa ndi madzi a Mozambique. M'katimo muli mtanda womwe amati unasemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, komwe David Livingstone anamwalira mu 1873. Ndinagwada, ndinaimba nawo, ndipo chapansipansi ndinayamba kukambirana ndi Mulungu kuti mwina tibwerere kwa tambala uja, poti mawu a munthu wogundidwa ndi mtengo sawerengedwa.

Misa itatha, ndikuumitsa nsapato pansi pa mlambe, ndinaona mdala wa jekete akubwera ndi gulu la amayi ovala yunifolomu ya mpingo. Sanali mphunzitsi ayi. Anali msungichuma wa kampingo kwawo, ndipo anali pakalikiliki wosonkhetsa ndalama za malata. Anatsegula kakope n'kuwerenga momveka: tambala mmodzi wofiira, mbuzi imodzi, ng'ombe imodzi, mtundu uliwonse. Sanafafanize tambala ndi mbuzi. Anaphatikiza.

Nthungululu zinalira mpaka ana anathamangira kudzaona.

Madzulo ndinaimbira foni mayi a kunyumba n'kufotokoza zonse mwatsatanetsatane, mwera, mafunde, mtengo wa pankhongo. Anamvetsera osandidula. Kenako anati, "Bambo a ana, tambala wofiira uja tinadya pa Khirisimasi, mbuzi ndi ya mayi anga. Nanga ng'ombeyo ndi ya ndani?"