Timasilikali ta pulasitiki tikundidyera ndalama

Anzanga ambiri akamva kuti ndimasewera Warhammer, gemu ya nkhondo ya pa tebulo ya timasilikali ta pulasitiki, amangoseka, ati munthu wamkulu ndevu pepeya kumaseweretsa zidole. Chabwino, ndi zidole, sindikana. Koma chimene samadziwa n'chakuti kusewera kwenikweniko ndi kagawo kochepa chabe, nthawi yambiri imathera pa kupenta.

Ukagula bokosi sumapezamo asilikali okonzeka ayi, umapeza tizidutswa ta pulasitiki totuwa tomatirira pa felemu, mutu pawokha, mkono pawokha, mfuti payokha. Uzidule ndi kapulayala, uzipale ndi kampeni, umate ndi guluu, uwaze penti woyamba uja wa sipulei, kenako ukhale pansi ndi kabulashi koonda ngati tsitsi. Kamsilikali kamodzi n'kotalika mwina masentimita atatu basi, ndiye iwe ukufuna ukapente mpaka maso, lamba, dzimbiri la pa mfuti, matope a ku nsapato. Usiku umatha usakudziwa, khosi kuwawa, tiyi kuzizira pambali. Amene tinaumbako ng'ombe zadothi kudambo n'kumazimenyanitsa tikuidziwa nthenda imeneyi, kusiyana kwake n'kwakuti dothi linali laulere.

Pamtengo ndiye pali nkhani abale. Bokosi loyambira la Warhammer 40,000 (mtundu wa gemuyi wa nkhondo za m'mlengalenga) limene amalitcha Combat Patrol limafika pafupifupi mapaundi 100, usanagule penti, guluu kapena buku la malamulo, ndipo gulu la mapointi 2,000 (mapointi ndiwo muyeso wa kukula kwa gulu) limene anthu amasewera pa mipikisano limafuna mabokosi angapo. Kampani yake ya Games Workshop inayamba mu 1975 ku London, pano likulu lake lili ku Nottingham, ndipo mu 2024 inalowa m'gulu la makampani 100 akuluakulu a pa msika wa masheya ku London. Pogulitsa timasilikali ta pulasitiki eti. Ineyo ndimaona kuti mitengo yawo amawonjeza dala poti akudziwa kuti tinakodwa kale, ndiye amene akufuna kuyamba ndimamuuza kuti ayambe ndi Kill Team, gemu yaing'ono ya kampani yomweyo, asilikali pafupifupi khumi, katebulo kakang'ono, kapena agule akale pa eBay n'kusukuluza penti wakaleyo.

Gemu yake imayenda chonchi. Pa tebulo mumaika tinyumba togumuka ndi timitengo, aliyense ndi gulu lake mbali yake. Palibe timabokosi ngati pa dirafuti, mtunda umayeza ndi tepi, m'mainchi, msilikali wamba amayenda mainchi 6. Ukafuna kuombera umaponya madayisi kuti uone ngati walasa, umaponyanso kuti uone ngati wavulaza, mnzakoyo naye amaponya kuti aone ngati chovala chachitsulo chamuteteza msilikali wake. Ndiye ukhoza kukonza pulani yabwino bwanji, madayisi onse n'kugwa pa 1, thanki yomwe wapenta mwezi wonse n'kuphulika isanaombereko n'kamodzi komwe. Apa mpamene anthu amakuwa mu shopu. Mikangano yambiri imakhala ya theka la inchi, wafika kapena sunafike, ndi yoti kodi msilikali wako akumuonadi mdani kuseri kwa khoma, mpaka munthu wamkulu amawerama n'kuika diso pa tebulo. Gemu yathunthu imatha maola atatu mosavuta.

Masewero oterewa anayambira kwa asilikali enieni. Ku Prussia, ufumu wakale wa Majeremani, mu 1824 Georg von Reisswitz anaonetsa akuluakulu a nkhondo masewero otchedwa Kriegsspiel, a pa mapu, ndi madayisi komanso woweruza, ndipo anayamba kuphunzitsira maofesala. Warhammer inadzabwera mu 1983, ya 40,000 mu 1987.

Koma masiku ano mtima wanga wachoka pang'ono pa za m'mlengalengazi, wapita ku Bolt Action ya Warlord Games, nayonso ya ku Nottingham konko, yomwe ndi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pa matebulo umangoona Majeremani, Amereka ndi Marasha, pomwe azigogo athu a King's African Rifles (KAR) ochokera ku Nyasaland anakamenya nkhondo ndi Majapani ku Burma mu 1944, m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula, ali mu 11th East African Division. Ndiye ndayamba kupenta gulu la KAR. Sizovuta kwenikweni poti ku Burma ankavala yunifolomu yobiriwira ndi zipewa za mlomo waukulu zofanana ndi asilikali a Britain, ndiye ndimagula omwewo n'kusintha khungu. Khungu lakuda ndi limene limafuna luso, ukangopaka penti wakuda nkhope yonse imasowa, pamafunika kuyamba ndi bulauni wakuda, kuthira inki yofiirira m'makwinya, kenako bulauni wowala pang'ono pa mphuno, pa masaya ndi pa zala. Amene muli ku Midlands kuno ku England ndipo muli ndi gulu la Majapani, ndiuzeni tipangane Loweruka lina.